Musamaike cert.pem yokha pa seva

Nyengo yothyola tiyi ino ndaona cholakwa chimodzi chikungobwerezedwa ndi inu achinyamata amene mumakonzera magulu a alimi mapulogalamu kuno ku Thyolo. Mwakweza pulogalamu pa seva, mwatsegula pa Chrome ya pa laputopu, zonse zili bwino, basi mwapita kokagona. Kukacha, pulogalamu ya pa foni ikukana kulumikizana, curl, chida choyesera kulumikizana ndi seva, nayo ikuti "unable to get local issuer certificate".

Seva ilibe mlandu. Certbot, pulogalamu yokutengerani setifiketi yotsimikizira kuti seva yanu ndi yeniyeni, imakusiyirani mafayilo anayi: cert.pem, chain.pem, fullchain.pem ndi privkey.pem. Inu mumathamangira cert.pem n'kuilozera mu Nginx, pulogalamu yolandira alendo pa seva. Koma fayiloyi ili ndi setifiketi yanu yokha, mulibe ya pakati imene imailumikiza ku muzu, setifiketi yaikulu ya Let's Encrypt, bungwe lopereka masetifiketiwa. Zili ngati kalata ya nyakwawa yopanda chidindo cha mfumu. Chrome imakafunafuna yokha setifiketi yosowayo, n'chifukwa chake imakupusitsani. Mapulogalamu ambiri a Android ndi maseva otumiza uthenga wa malipiro alibe chifundo chotero, amangodula.

Chimene chimanditopetsa ndi mankhwala anu akale aja. Wina aika -k pa curl, wina verify=False mu pulogalamu, kuti setifiketi isafufuzidwe, ati bola zikuyenda. Zikuyenda kupita kuti? Mwathimitsa chinthu chokhacho chimene chimatsimikiza kuti foni ikulankhula ndi seva yeniyeni. Ndiye mayina a alimi, manambala awo ndi ndalama zawo zikudutsa njira imene aliyense wa pa Wi-Fi yomweyo angathe kuima pakati. Ndipo mzere umenewu sumachotsedwanso, umakalamba ndi pulogalamuyo.

Mayi wina wa ng'ombe zamkaka cha ku Bvumbwe anandiuza kuti foni yake itakana kuonetsa malita amene anapereka, anaganiza kuti bando yatha. Anagula ina, osatheka. Mapeto ake analipira kabaza kukafunsa kwa mlembi wa gulu, n'kupeza mlembiyo wabwerera kulemba m'kope. Mayiyo mpaka lero sakhulupiriranso za pa foni.

Kukonza kwake n'kwachidule. Mu Nginx, pa ssl_certificate lozerani fullchain.pem, imene ili ndi setifiketi yanu ndi ya pakati yomwe, yesani ndi nginx -t, kenako reload. Onani ndi openssl s_client -showcerts pa doko 443: ikatuluka setifiketi imodzi yokha, simunathe. Za kulembetsanso setifiketi nthawi yake isanathe mukuzidziwa kale. Foni zakale, za Android yosafika 7.1.1, sizidziwa muzu wa Let's Encrypt uja, ISRG Root X1, imeneyo ndi nkhani ina.