Yoga ndi kupuma mwapang'onopang'ono: malangizo kwa odwala msana ndi BP ku Thyolo

Wothyola tiyi amawerama kuyambira m'mawa, dengu lili kumsana, ndipo ambiri pofika madzulo chiuno chimakhala chitauma gwa. Yoga, yomwe inachokera ku India, ndi masewera odziwongola thupi ophatikiza ndi kupuma mwadongosolo, ndipo pa vuto la msanali ndi pomwe umboni wake uli womveka. Mu 2017 bungwe la madokotala a ku America la American College of Physicians linaika yoga pa njira zoyamba kuyesa kwa amene msana wawavuta kupitirira masabata 12. Ofufuza a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti imachepetsa ululu pang'ono poyerekeza ndi kungokhala, koma siiposa kwenikweni masewera ena a msana. Choncho musayembekezere zodabwitsa. Chomwe chimathandiza n'kuchita kawirikawiri.

Yalani mphasa pamalo osalala. Gwadani, manja pansi molunjika mapewa. Pokoka mpweya tsitsani mimba n'kudzutsa mutu. Potulutsa, kwezani msana ngati mphaka wodziwongola. Bwerezani kakhumi, osathamanga. Kenako gonani chagada, kokerani maondo pachifuwa, mukhale choncho masekondi 30. Kumva kukoka n'kwabwino, koma ululu wobaya kapena wotsikira m'mwendo ukutanthauza kuti musiye pomwepo. Anthu ambiri amavulala chifukwa chokakamiza thupi kufika pomwe aona pa vidiyo.

Kupuma ndiye kumene anthu amalakwitsa kwambiri. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Cholinga n'kutsika kufika pafupifupi ka 6. Khalani pampando, dzanja limodzi pamimba, lina pachifuwa. Kokani mpweya ndi mphuno masekondi 4, dzanja la pamimba likwere, la pachifuwa lisasunthe kwambiri. Tulutsani masekondi 6, mapewa ali ofewa. Mphindi 5 zikukwana poyamba, kenako 10. Kutulutsa mpweya motalika kumachititsa kuti mtima ugunde modekha, n'chifukwa chake nkhawa imatsikako. Mukamakoka mpweya wambiri mwachangu mumataya carbon dioxide (mpweya umene timatulutsa popuma) wochuluka, ndiye mumamva chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Zikatero pumani mwanthawi zonse mpaka zithe. Musachitire m'khitchini muli utsi wa nkhuni, ndipo m'miyezi ya chiperoni chitirani m'nyumba mutavala zofunda.

Kwa odwala BP, kupuma kotere kumatsitsa manambala pang'ono chabe. Amene BP yake ili 160/100 sangafike pansi pa 140/90 ndi kupuma kokha. Pitirizani kumwa mankhwala ndi kukapimitsa kuchipatala. Musamagwire mpweya nthawi yaitali kapena kuimika thupi mutu uli pansi, makamaka ngati muli ndi BP kapena matenda a maso a glaucoma. Amphumu nawonso asataye inhela yawo. Amayi oyembekezera afunse kaye anamwino ku sikelo.

Msana wopweteka usiku, limodzi ndi kutentha thupi kapena kuonda, si wa mphasa ayi, chifukwa TB imagwiranso msana. Chimodzimodzi miyendo ikamafooka kapena mkodzo ukamatuluka wokha: pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa cha masabata awiri kapimitseni makhololo.