Kusunga ndi kulemba zigoba za Gule Wamkulu m'myuziyamu

Chigoba chikamafika m'myuziyamu chimakhala chasiya ng'oma, nyimbo ndi bwalo lake kumudzi. Choncho ntchito yoyamba ndi kulemba, wobweretsayo asananyamuke. Kupukuta kubwera pambuyo. Amene anaonapo zigoba mazanamazana za m'myuziyamu ya Chamare, ku KuNgoni ku Mua m'boma la Dedza, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akudziwa kuti phindu la zigobazo lili pa mayina ndi matanthauzo amene anasungidwa limodzi nazo.

Yambani ndi nambala. Njira yosavuta ndi ya magawo atatu: chaka, gulu la katundu amene wabwera pamodzi, ndi chinthu chenichenicho. Nambala ya 2024.7.3 ikutanthauza chinthu chachitatu m'gulu lachisanu ndi chiwiri la chaka cha 2024. Chigoba chikabwera ndi nsanza zake kapena mchira wake, zonsezo zitenge nambala yomweyo ndi zilembo a, b, c, chifukwa zikasiyana mashelefu palibe adzadziwe kuti zinali za chilombo chimodzi. M'kaundula, amene akhale buku lomata bwino losathothoka masamba, lembani dzina la gule monga akulitchulira eni ake, mudzi, mfumu yaikulu, boma, tsiku, ndiponso ngati mwagula, mwapatsidwa kapena mwabwereka. Yezani utali, mulifupi ndi kuya kwake m'masentimita. Jambulani kutsogolo, m'mbali ndi m'kati, nambala ndi rula zikuoneka. Kenaka funsani zimene kamera singajambule: amatuluka pamaliro, pachinamwali kapena polonga ufumu? Nyimbo yake imati chiyani, nanga amalangiza ndani? Dzina lomwelo, monga Simoni kapena Maliya, limatha kumasuliridwa mosiyana ku Dedza ndi ku Kasungu, ndiye lembaninso udindo wa amene wakuuzaniyo.

Nambala ilembedwe m'kati mwa chigoba, pamalo opanda penti. Sungunulani magalamu 20 a Paraloid B-72 (utomoni woonekera umene amagwiritsa ntchito m'mamyuziyamu) mu asetoni (mankhwala amadzimadzi osungunulira) wokwana mamililita 100, pakani kadontho, kaume, lembani ndi inki yosafufuka, n'kupakanso kamodzi kokha pamwamba. Pa nsalu sokererani kansalu ka thonje kolembedwa nambala. Selotepi ndi mapepala omata zimauma n'kugwa, n'kusiya banga losachoka.

Chigoba chatsopano chisalowe mosungira tsiku lomwelo. Chiikeni m'chipinda china, pa pepala loyera, kwa milungu inayi. Mukapeza kaufa ka mtengo pansi pake, kapena timabowo tatsopano toyera m'kati, ndiye kuti chikufumbwa. Nthenga za Kapoli zikamayoyoka zokha, kapena ubweya ukamasosoka pachikopa, njenjete zalowa. Chimodzi chotere chikhoza kupatsira shelefu yonse.

Mankhwala opopera a kusitolo amadetsa penti, ndiponso safika m'kati mwa mtengo momwe muli mphutsi. Kuzizira ndiye kumapha bwino. Kulungani chigoba m'pepala lofewa, chiikeni m'jumbo ya pulasitiki yokhuthala, tulutsani mpweya wambiri, n'kumata zolimba. Chikhale m'firiza yofika madigiri 20 pansi pa ziro kwa masiku osachepera 7. Magetsi akathima kwa nthawi yaitali pakatipo, yambaninso kuwerenga masiku. Mukachitulutsa musafulumire kumasula: chikhale m'jumbomo maola 24, kuti thukuta la kuzizira ligwire pulasitiki, lisagwire mtengo. Ng'oma yokunga chikopa ndi chigoba chimene penti wake wayamba kusenda zisalowe m'firiza, zimang'aluka.

Mosungiramo, chinyezi chikhale pakati pa 45 ndi 60 peresenti. Chikapitirira 65 kwa masiku angapo, monga zimachitikira mu Januwale ndi Febuluwale, nkhungu imamera pa zikopa ndi khonje. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kotchipa, koma kamathandiza pokhapokha wina akamalemba manambala ake m'mawa ndi madzulo. Shelefu yapansi italikire masentimita 15 kuchoka pa simenti, ndipo isagunde khoma, kuti muziona msanga njira za chiswe. Chigoba chisapachikidwe pa msomali ndi chingwe chake chakale. Chigone pa kamtsamiro ka nsalu, nthenga zili m'malere. Pochinyamula gwirani ndi manja awiri kunsi, mutavala magolovesi, osati pa nyanga kapena ndevu. Fumbi la mosungiramo lichotsedwe ndi bulashi yofewa basi.

Cholakwa chofala n'chofuna kukongoletsa. Wina amapaka vanishi kapena polishi kuti chiwale, wina amabwezeretsa penti wofiira pa nkhope ya Simoni. Kuda kwa m'kati, mwaye ndi dothi la pabwalo ndi umboni woti chigobacho chinavinadi, ndipo zikachotsedwa sizibwerera. Poonetsera, nthenga ndi nsalu zisalandire kuwala kopitirira malakisi 50 (lakisi ndi muyeso wa kuwala), ndipo dzuwa la pawindo lisazifike n'komwe.

Pa kufotokozera alendo m'pamene pamafunika mutu. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005, koma izi sizinatsegule dambwe kwa aliyense. Musanalembe chikwangwani, khalani pansi ndi eni mizinda ndi akuluakulu a gule, muwaonetse mawuwo. Za kudambwe, za wosema ndi za kapangidwe zikhale m'kaundula wachiwiri wotsekeredwa, ndipo mugwirizane nawo za amene angawerenge. M'kati mwa chigoba musaonetse alendo. Chikwangwani chikhale chachifupi, mawu osapitirira 50, Chichewa pamwamba: dzina, kumene achokera, mwambo umene amatulukira, ndi mzere umodzi wa nyimbo ngati eni ake alola. Pewani mawu oti "kale ankavina", pakuti gule akuvinidwa mpaka lero ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Zilombo zoluka monga Kasiyamaliro n'zovuta mwapadera. Udzu ndi makoko a chimanga sizinapangidwe kuti zikhale zaka zambiri, ndipo makoswe amazikonda. Ziikeni pa thandala lokwezeka, muzisesa pansi pake sabata iliyonse kuti muone zimene zayoyoka, ndipo pakafunika kukonza itanani eni gule adzakonze okha, chitseko chili chotseka. Tsiku ndi zimene asinthazo zilowe m'kaundula wachiwiri uja.