Momwe mungalongedzere mafuta odzola ndi perefyumu m'chikwama chokwera nacho m'ndege

Zimawawa kuona munthu akusiya perefyumu yodula m'manja mwa achitetezo pa bwalo la ndege, pomwe akanaipulumutsa akadali kunyumba. Lamulo lake ndi ili: chilichonse chamadzimadzi chomwe mukwere nacho m'ndege chikhale m'botolo losapitirira mamililita 100. Linayamba mu 2006, apolisi a ku Britain atagwira gulu lomwe linkafuna kuphulitsa ndege zochokera ku London kupita ku America ndi Canada ndi mabomba amadzi obisidwa m'mabotolo a zakumwa.

Yambani ndi kuyala zonse pabedi, muwerenge nambala yolembedwa pa botolo lililonse. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Achitetezo amayang'ana kukula kwa botolo, osati zomwe zatsalamo. Botolo la mamililita 200 lomwe mafuta angotsala pansipansi adzakulandani ndithu, ngakhale mutachonderera bwanji. Thirani pang'ono m'kabotolo kakang'ono, lalikululo lipite m'sutukesi yomwe mukapereke pa kauntala.

Kenako dziwani kuti zamadzimadzi si madzi okha. Mankhwala otsukira mano, shampu, mafuta a tsitsi, Vaseline, zopopera m'khwapa, zonsezi zimawerengedwa. Chilichonse chothira, chopaka kapena chopopera, muchiyese chamadzimadzi. Sopo wouma alibe mlandu, ndipo ine ndimaona kuti paulendo waufupi ndiye wothandiza kwambiri.

Timabotolo tonseto tilowe m'kajumbo kamodzi koonekera mkati, kotseka ndi zipi, kosapitirira lita imodzi, kukula kwake pafupifupi masentimita 20 mbali zonse. Munthu mmodzi, kajumbo kamodzi, ndipo katsekeke bwinobwino. Kaikeni pamwamba penipeni m'chikwama kuti pamzere musayambe kufukula zovala anthu akudikira kumbuyo kwanu. Mukafika pa makina ounikira, katulutseni mukaike m'thireyi.

Mankhwala a kuchipatala ndi mkaka wa mwana amaloledwa kupitirira mamililita 100, koma muwaonetse nokha asanakufunseni. Kalata ya dokotala imachepetsa mafunso. Lezala lomangidwa m'pulasitiki limadutsa, lezala lapalokha ayi. Botolo la madzi lowani nalo lopanda kanthu, mukatunge mukadutsa pounikira.

Perefyumu yogula mkati mwa bwalo, m'masitolo opanda msonkho otchedwa duty free, amaiika m'jumbo yomata pamodzi ndi lisiti. Musaitsekule mpaka ulendo utatha, makamaka ngati mukasintha ndege penapake, chifukwa kumeneko akakuunikaninso.

Mabwalo ena tsopano ali ndi makina atsopano ounikira katundu otchedwa CT, ndipo kwina anafewetsa lamuloli. Musadalire zimenezi. Komwe mukunyamukira angakulekeni, koma pobwerera mukapeza bwalo lomwe likutsatabe za mamililita 100. Onani tsamba la pa intaneti la bwalo lililonse lomwe mudutsepo, la popita ndi la pobwera, tsiku la ulendo lisanafike.