Madzi ofunda pamwamba, ozizira pansi: chimene chimapha nsomba m'damu mvula yoyamba ikagwa

Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo, mukalowa m'damu la nsomba masana mumamva madzi ofunda m'chiuno koma ozizira kumapazi. Madziwo agawanika pawiri, ndipo mlimi aliyense wa nsomba ayenera kudziwa chifukwa chake.

Madzi akafunda amapepuka. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imalemera magalamu 998, pomwe ya madigiri 30 imalemera pafupifupi magalamu 996. Magalamu awiri okhawo ndi okwanira kuti madzi ofunda ayandame pamwamba pa ozizira ngati mafuta, osasakanikirana masiku angapo ngati kulibe mphepo. Ndere zobiriwira zija zimapanga mpweya wa okosijeni kumtunda kokha, kumene kuwala kumafika. Pansi pali manyowa, madeya otsala ndi ndowe za nsomba, zonsezi zikuola ndi kumaliza mpweya. Mukavundula matope n'kumva fungo la dzira loola, dziwani kuti pansipo mpweya unatha kale. Ndi momwenso ilili nyanja ya Malawi: kupitirira mamita pafupifupi 250 kupita pansi kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako, chifukwa madzi akumeneko sasakanikirana ndi apamwamba.

Ngozi imabwera mvula yamphamvu, yozizira, ikagwa ndi chimphepo. Madzi apamwamba amazizira mwadzidzidzi, n'kulemera, n'kumira, ndipo madzi akufa apansi aja, opanda mpweya, amakwera. Damu lonse limatembenuka usiku umodzi. Mpweya wochepa umene unali pamwamba umasungunuka m'madzi onse, ndipo zoola zapansi zimaumaliza msanga. Kukakhala kuti kwachita mitambo masiku awiri atatu, ndere nazo sizinapange mpweya wokwanira. M'bandakucha mupeza makumba, chilunguni ndi chambo zili yasa kukamwa pamwamba pa madzi, zazikulu n'kuyamba kufa. Mlamba umapirira popeza umatha kupuma mpweya wakunja. Ambiri akaona izi amathamangira kunena kuti wina wathira mankhwala m'damu, anthu n'kudana pamudzi popanda chifukwa.

Kupewa kumayambira pokumba. Damu likhale lakuya pafupifupi masentimita 80 kolowera madzi ndi mita imodzi ndi theka kotulukira, osapitirira apo. Lakuya mamita awiri kapena atatu limangosunga madzi akufa ambiri omwe mphepo singawafike.

Paipi yotulutsira madzi ndi imene alimi ambiri amalakwitsa. Madzi a mumtsinje kapena pakasupe amakhala ozizira kuposa a m'damu, choncho akalowa amayenderera pansi. Ngati paipi yanu imatenga madzi osefukira pamwamba, ndiye kuti mukutaya madzi obiriwira, ofunda, a chakudya ndi mpweya, n'kusunga oipa. Imikani paipi yotulutsira mkati mwa damu, muiveke paipi ina yotakata komanso yotalikirapo kumtunda, yokhala ndi mipata m'munsi mwake. Madzi apansi amalowera m'mipatamo, kukwera pakati pa mapaipi awiriwo n'kutuluka. Kolowera, madzi azigwa kuchokera m'mwamba, kumenya pamwala kuti amwazike ndi kutenga mpweya asanafike m'damu, ndipo pakamwa pa paipiyo pakhale sefa.

Manyowa musamangothira mwachizolowezi. Lowetsani mkono mpaka m'chigongono: ngati chikhatho chasowa musanafike m'chigongono, madziwo abiriwira mokwanira, lekani kaye. Kukachita mitambo kapena mvula ikamakonzeka, chepetsani madeya ndi theka kapena musapereke n'komwe tsikulo.

Mukapeza nsomba zikupumira pamwamba, musadyetse. Tsegulani madzi atsopano, ndipo tungani madzi apamwamba ndi ndowa n'kumawamwaza m'mwamba, kapena menyani pamadzi ndi nsungwi mpaka dzuwa litakwera. Musalowemo kukapondaponda, chifukwa matope ovunduka amatenga mpweya wotsalawo. Nsomba zakufa zichotseni nthawi yomweyo. M'nyengo imeneyi damu muziliyendera dzuwa lisanatuluke, pamene mpweya umakhala wotsika kwambiri. Masana zonse zimaoneka bwino.

Kusakaniza madzi kumafunikanso poika mbewu ya nsomba. Madzi a m'pulasitiki yonyamulira akhoza kukhala pa madigiri 22 pomwe pamwamba pa damu pali 30, ndipo tinsomba tikaponyedwa kuchoka kwina kupita kwina timafooka, tina n'kufa patapita masiku. Yandamitsani pulasitikiyo isanamasulidwe kwa mphindi 15 mpaka 20. Kenako masulani, muzithiramo madzi a m'damu kapu imodzi imodzi. Malita 5 a madigiri 22 mukawaphatikiza ndi malita 5 a madigiri 30 mumapeza 26, kusintha kwa madigiri anayi, n'chifukwa chake simuyenera kuthira onse kamodzi. Dzanja likasiya kumva kusiyana mkati ndi kunja kwa pulasitiki, ipendeketseni tinsombato tituluke tokha. Ntchitoyi ichitike m'mawa, madzi apamwamba asanatenthe.