Finisha sangabweze chidali chomwe munachimana sabata yoyamba

Chaka chino ndikuona vuto limodzi lomweli m'makola ambiri muno mu Mzuzu, ku Chibavi, ku Luwinga mpaka ku Mchengautuwa. Feed yakwera mtengo, inde tonse tikudziwa, koma anthu mukumatenga anapiye a broiler (nkhuku za nyama) nkumawapatsa madeya othira sitata (chakudya cha anapiye cha masabata oyamba) pang'ono pamwamba, ena anapiye kugona m'katoni tsiku lonse osalawa kanthu poti khola simunakonze, kenako nkumati tidzawakankha ndi finisha (chakudya cha nkhuku zomwe zatsala pang'ono kugulitsidwa) kumapeto. Sizitheka zimenezo abale anga.

Mwanapiye akamatuluka m'dzira timinofu take timakhala titakwana kale, sitiwonjezekanso, chomwe chimachitika ndi choti timangokula. Ntchito yokulitsayo amagwira ndi maselo ena otchedwa satellite cells omwe amakhala m'mbali mwa mnofu. Maselowa amachulukana kwambiri masiku 7 oyamba, nkhuku ikamakula iwo amachepa ndipo otsalawo ambiri amangokhala phee. Ndiye mukawamana anapiye chakudya chabwino nthawi imeneyoyo mwatseka chidali nokha, ndipo chakudya chomwe mudzathire pa sabata 8 kapena 9 chambiri chidzangosanduka mafuta a m'mimba ndi zitosi, kilo iliyonse yowonjezeka ikukudyerani feed yochuluka kuposa ija ya poyamba.

Mayi wina ku Zolozolo anandiitana ali wokhumudwa, akuti "alangizi, nkhukuzi zikudya bwinobwino koma ogula akungozikweza m'manja nkuzibweza." Zinali zitadutsa miyezi iwiri. Nditagwira imodzi fupa la pachidali linali lakuthwa ngati mpeni, kumimba kokha ndiko kunali kofewa, pakona matumba a finisha opanda kanthu ataunjikana. Ndalama ya matumba amenewo ikanagula sitata wokwana anapiye onse nkutsalako.

Chimene chimandiwawa ndi mawu aja oti "kwathu nkhuku zimakula ndi madeya". Zija ndi zachikuda, mumazidikira miyezi yambiri osawerengera. Broiler ndi mtundu wina, inapangidwa kuti ithamange koyambirira.

Ndiye anapiye akangofika madzi ndi sitata weniweni pompopompo, osasakaniza. Madzulo gwirani kathumba ka pakhosi muone ngati kadzaza. Mbaula isazime, kutentha kukhale cha m'ma 32 mpaka 33 digiri sabata yoyamba makamaka June ndi July kuno, mwanapiye wozizidwa sadya. Zikafika masabata 5 kapena 6 gulitsani.