Momwe mungamangire kompyuta yojambulira kanema wa HD kunyumba

Anthu ambiri akafuna kompyuta yojambulira mapulogalamu a pa TV a HD amayamba ndi kugula processor yamphamvu ndi graphics card yodula. Ndalama imeneyo imangopita pachabe. Kanema wa digito amafika pa eriyo yanu atapanikizidwa kale kusiteshoni, ndipo ntchito ya kompyuta ndi kungolandira zomwe zabwerazo n'kuzilemba pa disk momwe zilili. Ngakhale kompyuta ya mu ofesi yomwe yagwira ntchito zaka 8 imaitha ntchito imeneyi osatuluka thukuta. Zomwe zimaononga zojambula zili kwina: tuner (kachipangizo kolandira signal ya TV) yosagwirizana ndi signal ya dziko lanu, chingwe chovunda, disk yodzaza ndi wotchi yolakwika. Nzeru ndi ndalama zanu zipite kumeneko.

Yambani mwadziwa mtundu wa signal

Musagule kanthu musanadziwe njira yomwe kanema amaulutsidwira komwe muli. Mayiko ambiri a mu Africa ndi ku Ulaya amagwiritsa ntchito DVB-T2 pa kanema wolandirira pa eriyo. Ku United States, Canada ndi Mexico kuli ATSC, ku Japan ndi Brazil kuli ISDB-T, pomwe ku China kuli DTMB. Kanema wa pa dishi ambiri ndi DVB-S2. Tuner ya mtundu umodzi siimva mtundu wina, ndipo palibe software yomwe ingakonze zimenezo. Chenjerani ndi tuner zakale zolembedwa DVB-T basi, popanda 2 kumapeto. Zimenezo sizigwira DVB-T2 ngakhale mutayandikira motani kumlongoti woulutsira.

Dziwaninso kuti njira iyi imajambula matchanelo aulere okha. Matchanelo olipira amabwera otsekedwa, ndipo kiyi yake ili mu dikoda kapena mu khadi la kampani youlutsayo. Tuner imawaona pa mndandanda, koma fayilo yomwe ingajambule siingaonetse chithunzi. Kulumikiza dikoda ku kompyuta kudzera pa HDMI nakonso nthawi zambiri sikuthandiza, chifukwa HDMI ili ndi chitetezo chotchedwa HDCP chomwe anachiika ndendende kuti chiletse kujambula.

Zipangizo zofunika

Tuner ndiye mtima wa makina onse. Zilipo za mitundu itatu: za USB monga Hauppauge WinTV-dualHD, zolowetsa mkati pa PCIe monga WinTV-quadHD kapena makhadi a TBS, ndi zolumikiza pa netiweki monga HDHomeRun. Tengani yokhala ndi ma tuner awiri kapena kuposerapo. Chifukwa chake ndi ichi: matchanelo a digito amayenda m'magulu otchedwa mux, ndipo tuner imodzi imamvera mux imodzi pa nthawi. Matchanelo atatu a mu mux imodzi mutha kuwajambula limodzi ndi tuner imodzi yomweyo, koma mpira ukakhala mu mux iyi ndipo nkhani zili mu inayo, mufunika ma tuner awiri. Musanalipire, fufuzani dzina lenileni la tuner imeneyo pa mndandanda wa LinuxTV kuti muone ngati Linux, yomwe mudzaiika pa kompyutayi, imaizindikira.

Processor ikhale ya Intel Core i3 kapena i5 ya m'badwo wa 7 kupita m'mwamba, kapenanso kakang'ono ngati Intel N100. Zimenezi zili ndi gawo la zithunzi mkati momwemo lomwe limatsegula kanema wopanikizidwa mu H.264 ndi HEVC popanda kuvutitsa processor. Pewani za Intel zomwe nambala yake imathera ndi F, popeza zilibe gawo limeneli ndipo zidzakukakamizani kugula graphics card. RAM ya 8 GB ndi yokwanira n'kutsala.

Ma disk akhale awiri: SSD ya 128 kapena 256 GB yoikapo Linux, ndi hard disk yaikulu ya zojambula zokha. Kuti mudziwe kukula kwake, chulukitsani ma Mbit/s a tchanelo ndi 0.45, mupeza ma GB a pa ola limodzi. Tchanelo ya HD ya 8 Mbit/s imadya 3.6 GB pa ola, choncho disk ya 4 TB imasunga maola pafupifupi 1,100. ATSC imatha kufika 19.39 Mbit/s, omwe ndi 8.7 GB pa ola, ndiye disk yomweyo imadzaza pa maola 460. Liwiro lisakudetseni nkhawa: matchanelo anayi a 10 Mbit/s akujambulidwa limodzi ndi 5 MB pa sekondi basi, pomwe hard disk wamba imalemba kuposa 100 MB. Chofunika kuyang'ana n'choti ikhale ya mtundu wa CMR osati SMR. Ma disk a SMR amatha kuima kaye n'kumadzikonza mkati akamalembedwa kwa nthawi yaitali, ndipo kuima kumeneko kumatha kusiya mpata mu zojambula.

Power supply ya 300 mpaka 400 W ya kampani yodalirika ndi yokwanira. Ngati kompyuta idzakhala pabalaza, sankhani bokosi la mafani aakulu a 120 mm, chifukwa amazungulira pang'onopang'ono ndipo sasokosa ngati timafani tating'ono.

Kulumikiza zipangizo

Apa sipasiyana ndi kumanga kompyuta ina iliyonse. Zulani chingwe cha magetsi, gwirani chitsulo cha bokosi kuti muchotse magetsi a m'thupi, ikani processor, fani yake, RAM ndi SSD pa motherboard isanalowe m'bokosi, kenako mangani motherboard, hard disk ndi power supply. Khadi la tuner la PCIe x1 limalowa bwinobwino mu slot yaitali ya x16 ngati yaifupi palibe. Makhadi a tuner amatentha, makamaka a DVB-S2 omwe amadyetsanso magetsi ku dishi, choncho siyani mpata pambali pake kuti mpweya uzidutsa.

Mukayatsa koyamba, lowani mu BIOS musinthe chinthu chimodzi chomwe ambiri amaiwala. Pezani pomwe palembedwa Restore on AC Power Loss, kapena mawu ofanana nawo, musankhe Power On. Magetsi akazima n'kuyakanso, kompyuta idzadziyatsa yokha m'malo modikira munthu kuti adine batani.

Eriyo ndi chingwe

Zojambula zambiri zoduka-duka zimachokera apa, osati mu kompyuta. Kanema wa digito sachita chipale pang'onopang'ono monga ankachitira wakale uja. Amaoneka bwino zedi mpaka signal itatsika kufika pa malire ena, kenako chithunzi chimasweka n'kukhala timabokosi, mawu n'kumadumpha. Ndiye chithunzi chikamaoneka bwino lero dzuwa likuwala, si umboni woti chidzapirira mvula.

Ikani eriyo panja, pamwamba, yoloza kumlongoti woulutsira, ndipo ndodo zake zigone kapena ziime molingana ndi momwe siteshoni imaulutsira. Gwiritsani ntchito chingwe cha RG-6 cha 75 ohm, chimodzi chosalumikiza pakati ngati n'kotheka. Polumikizira panja pakulungidwe bwino ndi tepi yoletsa madzi, ndipo chingwe chizikhota n'kutsika pang'ono chisanalowe pakhoma kuti madzi a mvula azigwera pansi. Madzi akalowa mu chingwe amadetsa waya wamkati pang'onopang'ono, ndipo pakapita miyezi mumangoona matchanelo akusowa imodziimodzi. Mukasenda chingwe, onetsetsani kuti palibe ngakhale kaulusi kamodzi ka waya wakunja komwe kakukhudza waya wapakati. Kaulusi kamodzi kokha kamatha kupha signal yonse.

Splitter iliyonse imadya signal. Yogawa pawiri imachotsa pafupifupi 3.5 dB mbali iliyonse, yogawa panayi pafupifupi 7 dB. Ngati mukufunika booster yokulitsa signal, ikhale pafupi ndi eriyo, chingwe chisanayambe ulendo wake wautali, osati kuseri kwa kompyuta komwe ingangokulitsa phokoso. Komanso booster si mankhwala a chilichonse. Ngati muli pafupi ndi mlongoti, signal yochuluka kwambiri imagonthetsa tuner ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za signal yofooka. Milongoti ya mafoni ya 4G yomwe imagwira pa 700 ndi 800 MHz nayo imatha kusokoneza, ndipo kafyuluta ka LTE koikidwa booster isanafike kamathetsa vutolo.

Dishi ili ndi lamulo lake. Tuner ya DVB-S2 imalamula LNB, kachipangizo kolandira signal komwe kamakhala kutsogolo kwa dishi, posintha magetsi pakati pa 13 V ndi 18 V ndi kutumiza kaphokoso ka 22 kHz. Ma tuner awiri akagawana chingwe chimodzi kudzera pa splitter wamba amalimbirana, ndipo imodzi imataya matchanelo ake. Tuner iliyonse ikhale ndi chingwe chake kuchokera pa LNB ya mabowo awiri kapena anayi.

Kuika Linux ndi kukonza disk

Windows Media Center, yomwe kale inkagwira ntchitoyi, inachotsedwa pomwe Windows 10 inatuluka mu 2015. Pa Windows mutha kugwiritsa ntchito NextPVR, koma kwa makina oyaka usana ndi usiku Ubuntu LTS kapena Debian ndi yabwino, chifukwa siidzizimitsa yokha pakati pa pulogalamu kuti idzikonze.

Mukaika Linux pa SSD, lembani ls /dev/dvb mu terminal. Ngati tuner ndi ya USB kapena PCIe, muyenera kuona adapter0, adapter1, malingana ndi kuchuluka kwa ma tuner. Ngati palibe, kapena alipo koma sakupeza tchanelo, lembani sudo dmesg | grep -i firmware. Ma tuner ambiri amafuna kafayilo ka firmware komwe sikabwera ndi Linux, ndipo dmesg imatchula dzina lake. Mwachitsanzo ambiri a DVB-T2 okhala ndi chip ya Si2168 amafuna dvb-demod-si2168-b40-01.fw. Kaikeni mu /lib/firmware n'kuyatsanso kompyuta.

Hard disk ipangidwe ext4 kapena XFS, ndipo ilembedwe mu /etc/fstab pogwiritsa ntchito UUID yake, osati dzina ngati /dev/sdb, lomwe limatha kusintha mukalumikiza disk ina. Pali msampha apa. Disk yaikulu ikalephera kulumikizika poyatsa, foda yake imakhalapobe yopanda kanthu pa SSD, software imapitiriza kujambulira momwemo, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu SSD yadzaza, makina onse aima. Njira yake ndi kupanga foda ina mkati mwa disk yaikuluyo, monga /mnt/tv/zojambula, n'kulozera software kumeneko. Disk ikasowa, foda imeneyo imasowanso, kujambula kumakanika poyera, SSD n'kupulumuka.

Kukonza Tvheadend

Pa Linux mutha kujambula ndi software ya MythTV kapena Tvheadend. MythTV, yomwe inayamba mu 2002, ili ndi zambiri koma imatenga nthawi kuizolowera. Tvheadend ndi yopepuka ndipo imayendetsedwa pa browser. Mukaiika, tsegulani adiresi ya kompyutayo ndi :9981 kumapeto. Pitani pa Configuration, DVB Inputs, Networks, mupange network ya mtundu wa signal yanu. Pa TV adapters, yatsani tuner iliyonse n'kuilumikiza ku network imeneyo. Ambiri amaiwala kuchonga Enabled pa tuner yachiwiri n'kumadabwa kuti bwanji imodzi yokha ndiyo ikugwira.

Mndandanda wa ma mux wobwera ndi software nthawi zina umakhala wakale. Ngati sikupeza kanthu, onani ma frequency pa TV kapena dikoda yomwe ikugwira kale pamalopo, muwalembe pamanja pa Muxes, ndipo Delivery system ikhale DVB-T2 osati DVB-T. Ma mux akasonyeza OK, pitani pa Services mudine Map services kuti akhale matchanelo. Pa Recording lembani foda ija. Pa Debian ndi Ubuntu Tvheadend imayenda ndi dzina la hts, choncho fodayo ikhale yake: sudo chown hts /mnt/tv/zojambula. Mukapanda kutero kujambula kumayamba n'kufa nthawi yomweyo. Stream profile isiyeni pa pass, yomwe imasunga fayilo ya .ts momwe yafikira. Fayilo ya .ts imaseweredwabe ngakhale magetsi atazima kujambula kuli pakati.

Tsopano tsegulani tchanelo ya HD n'kupita pa Status, Stream. Musatengeke ndi nambala ya mphamvu ya signal. Yang'anani SNR (kuyera kwa signal poyerekeza ndi phokoso) ndi Continuity errors (zidutswa za kanema zomwe zasowa). Siyani kwa mphindi 30. Ngati ma error akukwera, bwererani ku eriyo musanapitirire.

Nthawi ndi ndondomeko ya mapulogalamu

Lembani timedatectl muone ngati dera la nthawi ndi lolondola ndiponso ngati wotchi ikudzikonza kudzera pa intaneti. Likalakwika, mudzajambula pulogalamu ya ola lina. Ndondomeko ya mapulogalamu imabwera ndi signal yomweyo, koma masiteshoni ena amangotumiza ya pano ndi yotsatira, ena satumiza n'komwe. Zikatero gwiritsani ntchito XMLTV, yomwe imatenga ndondomekoyi kwina monga pa intaneti, kapena jambulani potchula ola pa Timers.

Masiteshoni sasunga nthawi ndendende. Ikani kuti kujambula kuziyamba mphindi 2 nthawi isanakwane ndi kutha mphindi 10 itadutsa, ndipo pa mpira onjezerani mphindi 45 chifukwa cha nthawi yoonjezera ndi mapenate. Kumbukirani kuti mphindi zoonjezerazi zimagwira tuner, ndiye mapulogalamu awiri otsatizana a mu ma mux osiyana amafuna ma tuner awiri. UPS yaing'ono (bokosi la batire losunga magetsi) imathandiza pa kuzima kwa magetsi kwa mphindi zochepa, koma booster ya eriyo ilumikizidwenso pa UPS yomweyo, apo ayi kompyuta idzakhala ikujambula mdima.

Kuonera zomwe mwajambula

Ikani software yoonetsera kanema yotchedwa Kodi pa kompyuta yomweyo kapena pa kabokosi kena kolumikizidwa ku TV, muyatse Tvheadend HTSP Client, yomwe imalumikiza pa port 9982. Pakati pa zipinda kokani chingwe cha Ethernet ngati mungathe, chifukwa Wi-Fi imakonda kudukiza kanema wa pompopompo.

Chithunzi chikamanjenjemera poonera, musafulumire kuimba mlandu tuner. Koperani fayiloyo muisewere pa kompyuta ina ndi VLC. Ikasweka pa malo omwewo, vuto ndi signal. Ikayenda bwino, vuto ndi choonetsera: yatsani VAAPI mu Kodi kuti gawo la zithunzi la processor ligwire ntchitoyo. Mizere ngati mano a chipeso m'mbali mwa osewera akamathamanga imabwera chifukwa matchanelo ambiri a HD ndi 1080i, ndipo imatha mukayatsa deinterlace. Kamera ikamayenda modumphadumpha, onani ngati TV ili pa 60 Hz pomwe kanema wa DVB ndi wa 50 Hz. Mu Kodi yatsani Adjust display refresh rate kuti TV izisintha yokha molingana ndi fayilo.