Galimoto ikamazima mukaima: yambani mwatsuka throttle body

Corolla yanga ya injini ya 1NZ inayamba khalidwe loipa chilimwe chatha. Ikamathamanga inali bwinobwino, koma ndikangoima pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata kuti anjinga adutse, inkanjenjemera kenako n'kuzima. Injini yotereyi ikatentha imafunika kukhala cha m'ma 700 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi) pa idling, pomwe ikulira galimoto itaima. Yanga inkagwa mpaka 400.

Vuto linali mwaye. Fumbi la misewu yathu, makamaka ngati mumapitapita kumudzi cha ku Chadiza, limasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo n'kumata pakhomo polowera mpweya mu injini, lomwe limatchedwa throttle body. Mukachotsa phazi pa accelerator, kampata kotsala kamakhala kotsekeka, injini n'kubanika.

Pezani chitini cha carb cleaner (mankhwala opopera ochotsa mwaye), sipanala ya 10, sikuludiraiva, mswachi wakale ndi kansalu koyera. Chitinicho mukachigwedeze musanalipire. Pali ena amagulitsa zotsika mtengo zomwe mukapopera kawiri mpweya watha, mankhwala ali m'kati.

Injini izizire kaye. Chotsani waya wa negative pa batire, masulani chipayipi chakuda chochokera ku air cleaner (sefa ya mpweya), ndipo throttle body muiona. Tsegulani kachitseko kake pokoka pomwe pamangidwa kebulo ya accelerator, poperani pang'ono, kwechani ndi mswachi makamaka m'mphepete, pukutani. Bwerezani mpaka kansalu kasiye kuda. Ngati throttle body yanu ndi yamagetsi, yopanda kebulo, musakankhe kachitsekoko mwamphamvu.

Tsono apa ndi pomwe ndinadzipweteka ndekha. Pafupi ndi bokosi la air cleaner pali kachipangizo koyeza mpweya, MAF sensor. Nditaona mmene throttle body yawalira, mtima unandinyenga kuti ndikatsukenso ndi mankhwala omwewo. Ndinakapopera, n'kulowetsamo kansalu kuti kaume msanga. M'kati mwakemo muli timawaya topyapyala ngati tsitsi, ndipo kamodzi kanaduka. Galimoto inkalira n'kuzima nthawi yomweyo, getsi la check engine lili ngwee. Ndinagula kena kwa mnyamata wina yemwe analumbira kuti n'kochokera ku Japan. Patatha sabata ziwiri kanafa, iye osapezekanso. Kachitatu ndiye kanali kenikeni, ndipo ndalama zonsezo zikanalipira makanika kangapo. Kachipangizo kameneka kali ndi mankhwala akeake olembedwa MAF cleaner. Mumapopera muli patali, osakhudza, n'kukasiya kaume kokha. Ngati mulibe mankhwalawo, kasiyeni.

Zotsalazo n'zachidule. Air cleaner ikakhala yakuda gulani ina, kuikuntha pa tayala sikuthandiza. Yang'anani timapayipi ta raba ngati tang'ambika, bwezerani zonse, mangani batire. Poyamba injini ivuta kulira ndipo itulutsa utsi, musaope. Isiyeni ilire mphindi khumi, AC ndi magetsi zili zozimitsa, kuti kompyuta yake izolowerenso. Ikapitiriza kunjenjemera, onani mapulagi.